Foni yadzaza? Umu ndi momwe mungapezere malo osataya zithunzi ndi mameseji

Ankhoswe aimirira kuti asinthane tambala ndi thadzi, inu mwakweza foni kuti mujambule, kamera yakana. Pa sikirini pangolembedwa kuti Storage space running out. Pamenepo ambirife timayamba kufufuta chilichonse chomwe chala chagwerapo: mameseji akale, manambala a anthu amene tinasiya kuwaimbira, zithunzi ziwiri zitatu za ana. Foni ija imalola kujambula kamodzi, mawa lake uthenga uja wabweranso. WhatsApp ikukana kutsitsa zithunzi, Play Store ikukana kuika apu yatsopano, foni yonse ikuyenda ngati yasenza thumba la chimanga.

Azakhali anga zitawafika pakhosi, anapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni pamsika. Mnyamatayo anangoiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Mayi, iyiyi ndi yofunika kuiflasha basi." Anabwerera kunyumba ndi foni yothamanga ngati yatsopano, koma mulibemo kanthu, zithunzi za malemu amuna awo zitapita zonse. Chikhalirecho anali mavidiyo a m'gulu la kwaya ndi la kumudzi amene anadzaza foniyo, zinthu zoti zikanachoka pa mphindi khumi zokha.

Malangizowa ndi a mafoni a Android monga itel, Tecno, Infinix ndi Samsung. Mayina a mabatani ndawasiya momwe amalembedwera pafonipo, ndipo amasiyanako pang'ono malinga ndi mtundu wa foni. Musadumphe sitepe yachiwiri, ngakhale muli pa changu.

Zofunika kukhala nazo pafupi

- Foni yochajidwa, batire yoposa theka. Ikathima muli mkati mokopera, mafayilo amaonongeka.
- Kwina kosungirako zinthu zanu: kompyuta, memore kadi, kapena flashi ndi kolumikizira ka OTG, komwe kamalumikiza flashi ku foni. Chimodzi mwa izi chikwanira.
- Chingwe cha USB chotha kunyamula mafayilo. Zingwe zina zotchipa ndi zochajira basi.
- Imelo ya Gmail yomwe ili mufonimo, pamodzi ndi pasiwedi yake. Ngati anakutsegulirani ndi munthu wina pa tsiku logula foni, mufunseni lero lomwe, mulembe m'kope.
- Simu ya nambala yomwe munalembetsera WhatsApp, ikhale yogwira ntchito.
- Wi-Fi kapena bandulo yokulirapo, ngati mukufuna kusunga zinthu ku Google.
- Ola limodzi lopanda wokusokonezani.

Sitepe 1: Onani kaye chimene chikudya malo

Tsegulani Settings, pezani Storage. Pa Samsung chili mkati mwa Battery and device care kapena Device care. Dikirani pang'ono foni iwerengere, kenako ikuonetsani malo onse, omwe agwiritsidwa ntchito, komanso momwe agawikira: mavidiyo, zithunzi, nyimbo, maapu, ndi System. Lembani nambala ya malo otsala papepala kuti pomaliza muone mwapindula chiyani.

Gawo la System lisiyeni, ndi mtima wa foni umenewo ndipo sulichotseka. N'chifukwa chake foni yolembedwa 32 GB pabokosi siikupatsani 32 GB yonse, ndipo ya 16 GB imadzaza musanaizolowere n'komwe. Nambala yaing'ono ija ya pabokosi, 2 GB kapena 4 GB, ndi RAM. Imeneyo siisunga zithunzi, ndiye musavutike nayo lero.

Kuti mudziwe kulemera kwa zinthu: 1 GB ndi pafupifupi 1,000 MB. Chithunzi chojambula ndi kamera ya foni chimakhala cha 2 MB mpaka 5 MB nthawi zambiri. Vidiyo ya mphindi imodzi yojambula mooneka bwino ikhoza kuposa 100 MB. Nambala ya munthu kapena meseji ya SMS ndi kachidutswa kosafika ngakhale pa 1 MB, mungachite kuunjika zikwizikwi kuti mufikepo. Wofufuta manambala kuti apeze malo ali ngati wochotsa singano m'ngolo yodzaza njerwa.

Sitepe 2: Sungani zomwe simungazipezenso

Dzifunseni: foniyi itagwera m'chitsime lero, ndingalire chiyani? Zithunzi za banja, zithunzi za ziphaso ndi masatifiketi, manambala, mawu ojambulidwa a munthu yemwe anatisiya, macheza a pa WhatsApp a zamalonda. Zimenezo zikhale ndi kope lachiwiri kunja kwa foni musanakhudze batani lililonse la Delete.

Kukopera pa kompyuta

1. Lumikizani foni ku kompyuta ndi chingwe, foniyo ikhale yosakhoma.
2. Kokerani pansi kuchokera pamwamba pa sikirini, dinani uthenga wonena za USB, musankhe File transfer. Mukapanda kutero foni imangochaja, kompyuta siiona kalikonse.
3. Pa kompyuta tsegulani This PC, mupeza dzina la foni yanu. Lowani mu Internal storage.
4. Koperani mafoda awa: DCIM, momwe muli zojambula za kamera, Pictures, Download, Documents, ndi ya zojambula mawu ngati ilipo.
5. Za WhatsApp zili mu Android, kenako media, kenako com.whatsapp, WhatsApp, Media. Pa mafoni akale, a Android 10 kutsika mmunsi, foda ya WhatsApp imapezeka poyera mukangolowa mu Internal storage.
6. Zikatha, tsegulani zithunzi zingapo ndi vidiyo imodzi pa kompyutapo kuti muone ngati zikutseguka.

Chenjezo: gwiritsani Copy, osati Cut kapena Move. Chingwe chikasuntha kapena magetsi akathima muli pakati, Copy imasiya zinthu zanu zili bwinobwino mufoni, pamene Cut ikhoza kukusiyani mutataya mbali zonse ziwiri. Koperani foda imodziimodzi, musatenge zonse pakamodzi, chifukwa zikaima pakati simudziwa zafika pati.

Kusunga ku Google Photos

Tsegulani Google Photos, dinani kachithunzi kanu kapena chilembo cha dzina lanu kumanja kumtunda, yatsani Backup, yomwe imasunga kope la zithunzi zanu ku Google. Dikirani mpaka ilembe kuti Backup complete. Izi zimadya bandulo molingana ndi kukula kwa zomwe mukutumiza, ndiye ngati muli ndi mavidiyo a 3 GB, bandulo ya 1 GB siifika. Pezani Wi-Fi, kapena musankhe zithunzi zofunika zokha n'kudina Back up now.

Akaunti iliyonse ya Google ili ndi 15 GB yaulere, koma imagawidwa pakati pa Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Kale zithunzi zosungidwa pa High quality sizinkawerengedwa, koma zimenezo zinatha pa 1 June 2021, ndipo kuyambira chakumayambiriro kwa 2024 backup ya WhatsApp nayo imadya pa 15 GB yomweyo. Ikadzaza, ngakhale maimelo amasiya kulowa. Ofunsira ntchito pa imelo, samalani pamenepa.

Chenjezo lalikulu: mukafufuta chithunzi muli mkati mwa Google Photos podina kachithunzi ka bini, chimachoka mufoni komanso ku Google komweko. Batani loyenera ndi Free up space on this device, lomwe limachotsa mufoni zokhazo zimene zafika kale ku Google.

Macheza a WhatsApp ndi manambala

Mu WhatsApp dinani timadontho titatu kumanja kumtunda, Settings, Chats, Chat backup. Onetsetsani kuti pali imelo yanu, zimitsani Include videos, dinani Back up. Mavidiyo ofunika mwakopera kale pa kompyuta kapena pa memore, palibe chifukwa chowalipirira bandulo. Ngati foni yadzaziratu mpaka backup ikukana, chotsani kaye apu imodzi yaikulu yomwe mungaitsitsenso tsiku lina, monga gemu, kuti ipeze popumira.

Manambala: tsegulani Contacts, muone komwe akusungidwa. Amene ali pa Phone kapena Device amafa ndi foni. Asamutsireni ku akaunti ya Google kudzera pa Move contacts kapena Import/Export.

Sitepe 3: Yeretsani WhatsApp

Pa mafoni ambiri omwe ndagwirapo, mbava yaikulu ili muno. Gulu la mpingo, la banki mkhonde, la anzanu a ku sekondale, la maliro lomwe linatsegulidwa chaka chatha koma silinatsekedwe, onsewa akuthira mavidiyo mufoni yanu usiku ndi usana. Ulaliki umodzi womwewo umabwera m'magulu anayi.

1. Tsegulani WhatsApp, Settings, Storage and data, Manage storage.
2. Pamwamba muona malo omwe WhatsApp yatenga. Musadabwe mukaona kuti ndi theka la foni.
3. Lowani mu Forwarded many times. Izi ndi zomwe zazungulira dziko lonse: nthabwala, maulaliki, zithunzi za maluwa zofunirana tsiku labwino. Kawirikawiri muno mulibe cha inu. Yang'anani mwachangu, dinani Select all, kenako kabini.
4. Lowani mu Larger than 5 MB. Apa musathamange. Sanjani kuyambira chachikulu podina kachizindikiro kosanjira n'kusankha Largest, ndipo muziona chimodzichimodzi. Vidiyo ya ukwati wa mchemwali wanu ili pakati pa zomwezi.
5. Mmunsi muli mndandanda wa macheza, lolemera kwambiri lili pamwamba. Lowani m'magulu atatu kapena anayi oyambirirawo, muchotse mavidiyo. Otsalawo ndi nyenyeswa, musataye nawo nthawi.

Ikakufunsani ngati ichotsenso makope ena a chinthu chomwecho, vomerani, chifukwa ndi zomwe zija zinabwera m'magulu angapo. Koma dziwani kuti chinthucho chichoka m'macheza onse momwe chinali.

Chilichonse chimene mukufuna kusunga, chiikireni nyenyezi musanayambe: gwirani meseji ndi chala kwa kanthawi, dinani kanyenyezi pamwamba. Mukamafufuta zambiri pakamodzi, WhatsApp imakupatsani mwayi wosiya zanyenyezi.

Chenjezo: zomwe mwafufuta mu Manage storage sizipita ku bini, zimapita kotheratu. Komanso musasokoneze Clear chat ndi kuchotsa mavidiyo. Clear chat imasesa ndi mawu omwe, ndiye ngati ndinu mlembi kapena msungichuma wa banki mkhonde ndipo umboni wa amene anapereka ndi amene sanapereke uli m'gululo, mudzavutika kufotokoza pa tsiku logawana.

Pali kangodya kena komwe ambiri sakudziwa. Chithunzi kapena vidiyo iliyonse yomwe mwatumizira munthu, WhatsApp imasunga kope lake mu foda yotchedwa Sent, mkati mwa WhatsApp Images ndi WhatsApp Video. Makope amenewa saoneka mu Gallery. Amene mumagulitsa kaunjika, nsapato kapena zitenje pa WhatsApp, n'kumatumiza zithunzi tsiku ndi tsiku, kaoneni mmenemo kudzera pa File Manager. Mukawachotsa, m'machezamo mutsala timithunzi tosaoneka bwino m'malo mwa zomwe munatumiza, koma zithunzi zenizeni za kamera zili mu DCIM, sizikhudzidwa.

Sitepe 4: Tsekani mpopi

Kukolopa m'nyumba mpopi ukutayikabe n'kudzitopetsa. Mu Storage and data momwemo, pezani Media auto-download. Pali mizere itatu: When using mobile data, When connected on Wi-Fi, When roaming. Lowani uliwonse, chotsani kachizindikiro kochonga pa Videos, Audio ndi Documents. Ine ndimachotsa ndi pa Photos pomwe. Kuyambira pamenepo chinthu chimalowa mufoni pokhapokha mwadina kamuvi kotsitsira. Mavoisi okha amapitirizabe kulowa okha, koma ndi opepuka. Mudzaona kuti ndi bandulo yomwe yayamba kukhalitsa.

Ena amazimitsa Media visibility poganiza kuti apeza malo. Imeneyo imangobisa zatsopano kuti zisaoneke mu Gallery, koma mufoni zilimo ndithu.

Ndipo magulu amene munasiya kuwawerenga kalekale, tulukanimo. Ndikudziwa, gulu la pachibale kutulukamo ndi mlandu wofuna ankhoswe. Limenelo lisiyeni, mpopi mwatseka kale.

Sitepe 5: Sesani m'makona, kenako tayani bini

Apu ya Files by Google ndi yaulere, ndi yaing'ono, ndipo mafoni ambiri otsika mtengo amabwera nayo kale. Itseguleni, pezani Clean. Ikuonetsani Junk files, zomwe mungachotse mosaopa, komanso mafayilo obwereza, mafayilo aakulu, ndi zojambula za sikirini zakale. Pa zinazi muziona kaye musanadine.

Kenako pitani nokha m'malo awa:

1. Foda ya Download. Mumakhala mafomu omwe munatsitsa kasanu chifukwa netiweki inkavuta, ndi mafayilo othera ndi apk, omwe ntchito yawo inatha apu italowa mufoni.
2. Foda ya Xender kapena SHAREit. Mafilimu onse omwe mnzanu anakuponyerani mu minibasi ali mmenemu, ena oposa 500 MB imodzi.
3. Nyimbo zotsitsa mu Boomplay, yomwe imabwera kale m'mafoni a Tecno, itel ndi Infinix, komanso mavidiyo otsitsa mu YouTube. Izi zichotseni muli mkati mwa apu yake, pa gawo la Downloads.
4. Mavidiyo a kamera omwe mwakopera kale kwina pa sitepe 2.

Tsopano pamene ambiri amasokonezeka: mwafufuta mavidiyo ambirimbiri koma malo sanasinthe. Zomwe mwachotsa zangosamukira ku bini, ndipo bini ili mufoni momwemo. Mu Gallery yang'anani Recently deleted, Recycle bin kapena Trash. Files by Google ili ndi yake, Google Photos ili ndi yake, ndipo zinthu zimakhalamo masiku 30 kapena kuposerapo zisanachoke zokha. Lowani iliyonse, muunguze komaliza ngati simunaponyemo cholakwika, kenako dinani Empty kapena Delete permanently. Bini imeneyi ndi yomwenso ingakupulumutseni mwana akafufuta chithunzi mwangozi, ndiye muzidziwa pomwe ili.

Sitepe 6: Maapu ndi cache yawo

Apu iliyonse imasunga tizidutswa ta zomwe mwaona kale kuti isamazitsitsenso. Ndiyo cache imeneyo. TikTok, Facebook, Chrome, Instagram ndi Telegram ndi akatswiri pounjika.

1. Tsegulani Settings, Apps kapena App management.
2. Sankhani apu, dinani Storage kapena Storage and cache.
3. Dinani Clear cache.

Chenjezo: pafupi pomwepo pali batani lina, Clear data kapena Clear storage. Awiriwa amaoneka ngati mapasa koma si amodzi. Clear cache imataya zinyalala zokha. Clear data imabwezera apu momwe inalili tsiku loyamba: imakutulutsani mu akaunti, imaiwala zonse. Mukaidina pa Facebook pasiwedi mutaiwala, mwadzitsekera kunja. Pa apu ya banki mudzafunika kulowanso kuyambira pachiyambi. Pa WhatsApp ndiye zoopsa, chifukwa idzafuna kukutumizirani nambala ya manambala 6 pa simu yomwe munalembetsera. Pali anthu ambiri omwe WhatsApp yawo ili pa nambala ya simu imene inatayika kalekale, kapena ya ku Johannesburg yomwe anaisiya pobwerera kumudzi. Ameneyo akangodina Clear data, akaunti ikhoza kupita. Ngati ndi inu, konzani zimenezo lero WhatsApp ikadali yotseguka: Settings, Account, Change number, muikepo nambala yomwe muli nayo m'manja.

TikTok ili ndi pake poyeretsera, pa Settings and privacy, Free up space. Musafufute Drafts ngati muli mavidiyo omwe simunawatulutse. Telegram nayo ili ndi Storage Usage mkati mwa Data and Storage.

Cache imabwereranso mukamagwiritsa ntchito apu, ndiye musayembekezere zodabwitsa. Phindu lokhalitsa lili pochotsa maapu omwe simuwatsegula. Gwirani chizindikiro cha apu ndi chala, sankhani Uninstall. Amene anabwera ndi foni ena amakana kuchoka, koma ambiri amalola Disable. Pa foni ya 16 GB kapena 32 GB, chotsani Facebook yaikulu muike Facebook Lite, ntchito ndi yomweyo. Pasiwedi ikhale pafupi musanachotse.

Sitepe 7: Memore kadi, ngati foni yanu ili ndi poika

1. Zimitsani foni, lowetsani memore, yatsani.
2. Foni ikakufunsani momwe mukufuna kuigwiritsira ntchito, sankhani Portable storage. Mafoni ena amaperekanso Internal storage kapena Phone storage. Ine sindilimbikitsa imeneyo, chifukwa memore imamangidwa ku foni imodzi yomweyo, siiwerengeka pa foni ina kapena pa kompyuta, ndipo foni ikafa zinthu zanu zafa nayo.
3. Tsegulani kamera, pitani pa zokonzera zake, pezani Storage location kapena Storage path, musankhe SD card. Zojambula zatsopano ziziyamba kupita kumeneko.
4. Mu File Manager sankhani zakale, dinani Copy to, SD card. Tsegulani zingapo kuchokera pa memore kuti mutsimikize, kenako fufutani za mufoni.

Format imasesa zonse zomwe zili pa memore. Ngati ndi memore yakale yomwe muli zinthu, foni n'kukuuzani kuti muipange Format, kanani, mukayesere kaye pa kompyuta.

WhatsApp siisamukira pa memore, ndipo zomwe mukulandira zizilowabe mufoni. Chomwe mungachite ndi kumasamutsa mavidiyo ofunika nokha nthawi ndi nthawi.

Nkhani ya memore zabodza ndiyofunika kuidziwa musanatulutse ndalama. Pali memore zolembedwa 64 GB kapena 128 GB zomwe mkati mwake ndi zazing'ono kwambiri, koma zinakonzedwa kuti zizinamiza foni. Foni imaonetsadi 128 GB. Mumaika zinthu, zoyamba zimakhala bwino, malo enieni akangodzaza zotsatirazo zimaoneka mayina okha, mukatsegula n'kupeza chithunzi chotuwa kapena vidiyo yokana kuseweredwa. Ndinagulapo ina pa depoti ndikudikira basi, mtengo wake wokoma zedi, ndipo ndinazindikira patatha miyezi iwiri zithunzi za ubatizo wa mwana wa mlongo wanga zitasanduka mabokosi otuwa. Mtengo ukakhala wotsika modabwitsa poyerekeza ndi m'masitolo, isiyeni. Mukagula, iyeseni isanalandire chinthu chamtengo: idzazeni ndi mafilimu mpaka pakamwa, kenako tsegulani oyamba, apakati ndi omaliza. Amene muli ndi kompyuta ya Windows, kapulogalamu kaulere ka H2testw kamagwira ntchito imeneyi bwino lomwe. Ndipo ngakhale memore yeniyeni imafa osatsanzika, ndiye isakhale malo okhawo osungirako zithunzi za banja.

Sitepe 8: Zimitsani, yatsani, yerekezani

Zimitsani foni n'kuiyatsanso, mubwerere ku Settings, Storage, muyerekeze ndi nambala munalemba ija. Yesetsani kuti muzitsala ndi malo osachepera 2 GB nthawi zonse, chifukwa foni imafuna popumira ikamakonzanso maapu. Kamodzi pa mwezi bwerezani sitepe 3 ndi 5, mphindi zisanu zokha.

Zolakwika zomwe anthu amachita kawirikawiri

Kuika maapu oti amayeretsa ndi kuthamangitsa foni. Aja a mayina a Cleaner, Booster, ndi kachithunzi ka tsache kapena roketi. Ambiri amadya malo, batire ndi bandulo poonetsa zotsatsa malonda, ndipo ena amapempha kuona manambala ndi mameseji anu popanda chifukwa. Choipitsitsa ndi uthenga wotulukira mukamawerenga pa intaneti wakuti foni yanu ili ndi mavairasi, dinani apa. Tsamba la pa intaneti silingadziwe zimenezo. Litsekeni.

Kufufuta mameseji a Airtel Money kapena Mpamba. Malo omwe mupeze ndi osaoneka n'komwe, koma tsiku lomwe mwininyumba adzati lendi simunalipire, nambala ya umboni inali m'meseji momwemo.

Kuchotsa mafoda osawadziwa mu File Manager. Foda ya Android musaikhudze, kupatula Sent ija tanena. Foda ya Databases ya WhatsApp ndi momwe muli backup ya macheza anu ya mufoni. Ngati dzina la foda simukulimvetsa, ipitirireni.

Kuchotsa WhatsApp n'kuikanso poganiza kuti ipepuka. Popanda backup yatsopano macheza amapita. Ngakhale backup ilipo, poikanso imakufunsani kamodzi kokha ngati mukufuna Restore, kutanthauza kubwezeretsa macheza, ndipo mukadina Skip mwaluza mwayiwo. Choipa china, backup yotsatira ikhoza kulemba pamwamba pa yakale ija.

Kutumizira mnzanu zithunzi pa WhatsApp kuti akusungireni. WhatsApp imazifinya, zimachepa ubwino, ndipo mukadzafuna kutsukitsa chachikulu chopachika pakhoma chidzaoneka chosawala. Ngati palibe njira ina, tumizani ngati Document, chimafika momwe chilili. Koma kumbukirani kuti foni ya mnzanuyo nayo idzadzaza, ndipo adzayambira kufufuta zanuzo.

Kulowetsa memore kapena flashi pa kompyuta iliyonse. Makompyuta a m'malo osindikizira mapepala ndi oikira nyimbo amalandira maflashi a anthu ambirimbiri pa tsiku. Mukabwerako n'kupeza mafoda anu asanduka Shortcut, musathamangire Format. Nthawi zambiri zinthu zilimo, vairasi yangozibisa, ndipo wodziwa kompyuta akhoza kuzibwezeretsa.

Kuiwala akaunti ya Google yomwe munasungirako zithunzi. Google inalengeza kuti akaunti yomwe yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito ikhoza kufufutidwa pamodzi ndi za mkati mwake. Ngati muli ndi imelo yakale yomwe muli zithunzi, muzilowamo mwa apo ndi apo.

Kuthamangira Factory reset, kapena kulola wokonza kuti aiflashe. Imeneyi ndi njira yomaliza, masitepe onsewa atakanika, ndipo sitepe 2 itachitika mokwanira. Foni ikafufutidwa mokakamiza, ikayaka imafuna imelo ndi pasiwedi ya Google yomwe inalimo kale, ndipo popanda zimenezo siikulolani kulowa ngakhale ndi yanu yomwe. Mukapita nayo kwa wokonza, tulutsani simu ndi memore muike m'thumba, ndipo mumufunse mosapita m'mbali musanam'patse: "Achimwene, zimene mukufuna kuchitazi zifufuta zinthu zanga kapena ayi?" Akayamba kuzungulira poyankha, tengani foni yanu.